Zimene ndinaphunzira poseta ndekha tsitsi la rilakisa ndi marola kunyumba

Ndakhala ndikuwongola tsitsi langa ndi rilakisa kuyambira ndili ku sekondale, ndipo kwa zaka zoposa 15 ntchito yonse yolisamalira ndinkaisiya m'manja mwa atsikana a pa saluni ina yoyandikana ndi kwathu ku Area 25. Pakatha sabata ziwiri zilizonse ndinkapita kukatsukitsa, kukaikitsa marola ndi kukakhala pansi pa draya ndikuwodzera, ndipo sindinkadzivutitsa n'komwe kuyang'anitsitsa zimene manja awo ankachita kumutu kwangako, popeza ndinkayesa kuti ndi kantchito koti aliyense angathe kukagwira. Mu November 2023, ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya katundu wochokera kunja inakwera, ndipo shampu, loshoni ndi mankhwala ena a tsitsi sanatsalire m'mbuyo. Eni saluni anakweza mtengo, monga mmene aliyense akanachitira, ndipo ine nditawerengetsera malipiro anga, lendi, fizi ya ana ndi ndalama ya minibasi yopitira kuntchito ku City Centre, ndinaona kuti kusetetsa kawiri pamwezi sikungathekenso. Ndinatsimikiza mtima kuti kuika rilakisa kokha ndiko ndizikapangitsa ku saluni, koma kutsuka ndi kuseta ndizichita ndekha.

Loweruka lina ndinapita ku Old Town, m'masitolo ogulitsa zodzoladzola a kufupi ndi Bwalo la Njobvu, n'kugula marola amene anandikopa m'maso, aja okhala ndi timinga tofewa togwira tsitsi, amene amawatcha velcro. Wogulitsa anandiuza kuti ndi osavuta chifukwa safuna makilipi, ndipo pamenepo sananame. Chimene sanandiuze, mwina chifukwa nayenso sankachidziwa, n'chakuti timinga timeneto timakola tsitsi lonyowa, ndipo pochotsa timadula nsonga. Nditawagwiritsa ntchito kawiri kokha, rola iliyonse inali itadzaza tizidutswa ta tsitsi langa. Marola amenewo angathandize munthu wofuna kutukumula tsitsi louma kale kwa mphindi zochepa, koma osetera tsitsi la rilakisa lonyowa ndi aja a pulasitiki yolimba, osalala, okhala ndi timabowo, amene amatchedwa magnetic. Dzinalo lisakunamizeni, mulibe maginito aliyense m'menemo. Tsitsi limamatirira pa rola chifukwa cha kunyowa basi, monga mmene tsamba lonyowa limamatirira pa galasi la zenera, ndipo likangoyamba kuuma musanamalize kukulunga, limaterereka n'kumasuka.

Phunziro lowawa ndinalilandira mwezi wa January wotsatira, pa tsiku la chinkhoswe cha mng'ono wanga, chimene chinachitikira kwa makolo athu ku Kawale. Ndinadzuka m'bandakucha, n'kutsuka tsitsi, n'kukulunga marola, n'kuvala kachipewa kansalu kaja kolumikiza ku draya yam'manja. Nditangokhala mphindi pafupifupi 25, magetsi anazima. Ndinadikirira kwa kanthawi, koma dzuwa linkakwera, ndipo ine ndinali ndi udindo wolandira alendo a kuchimuna. Ndinakhudza tsitsi la pamwamba pa marola, n'kumva kuti lauma, ndipo ndinachotsa onse. Pagalasi linkaoneka bwino ndithu, lonyezimira ndi lopiringizika mokongola. Koma mvula inali itagwa usiku wonse, mpweya uli wodzaza chinyezi, ndipo pamene ndinkatsika minibasi mu depoti mutu wanga unali utafufuma ngati thonje, nsonga zitayang'ana uku ndi uku. Nditafika ku Kawale ndinapalamula mlandu wachiwiri, woposa woyamba uja. Kumeneko magetsi analipo, choncho ndinabwereka chitsulo chowongolera tsitsi, chija amati flat iron, n'kuyamba kupana nacho tsitsi limene m'kati linali lidakali ndi madzi. Ndinkamva kuthetheka ndipo nthunzi inkatuluka, koma chifukwa cha phuma sindinalabadire. M'sabata zotsatira tsitsi la paliwombo ndi la kunkhongo linayamba kuduka lokha, lina n'kumatsalira pa mtsamiro, lina m'chipeso, mpaka ndinakakamizika kudulitsa pafupifupi masentimita 6 kuti lifanane.

Amene anandiwongolera njira ndi azakhali anga, alongo awo a bambo, amene anagwira ntchito ya tsitsi kwa zaka zambiri asanapume. Pa chinkhoswepo anangondiyang'ana osanena kanthu, koma patapita masiku anandiitanitsa kwawo ku Chilinde, n'kundiuza kuti ndipite ndi marola anga onse pamodzi ndi loshoni amene ndinkagwiritsa ntchito. Atandikhazika pa kampando ka pakhonde, anapatula tsitsi langa ndi chala n'kunena kuti, "Mwanawe, tsitsi ili unaliphika lili ndi madzi m'kati. Kodi marola unachotsa litauma, kapena litangofunda?" Ndinayankha kuti, "Azakhali, ndinakhudza ndithu, ndipo linali louma." Iwo anaseka n'kunena kuti, "Unakhudza lakunja. Lam'kati, logundana ndi rola, ndilo limauma pomalizira, ndipo likakhala lisanaume ntchito yonse wagwira pachabe." Tsiku limenelo anandisetera theka la mutu, theka linalo n'kundisiyira ine, iwo ali pambali ndi chipeso, kundimasulitsa rola iliyonse imene sinawasangalatse.

Pambuyo pake ndinafunitsitsa kumvetsa chifukwa chake madzi ochepa chonchi angawononge seti yonse, ndipo zimene ndinapeza zinandithandiza kusiya kuchita zinthu mongoyerekeza. Tsitsi limapangidwa ndi puloteni yotchedwa keratin, ndipo timinyewa ta keratin timeneti timagwirana ndi timfundo tamitundu ingapo. Pali timfundo tolimba kwambiri ta sulfur, timene timasunga kupotana kwa tsitsi lathu lachibadwa. Rilakisa, kaya ndi ija ya sodium hydroxide imene amati lye, kaya ndi ija yosakaniza calcium hydroxide ndi guanidine carbonate imene imagulitsidwa m'mabokosi olembedwa kuti no-lye, imadula timfundo timeneti, ndipo tikaduka sitibwereranso mwakale. N'chifukwa chake tsitsi lowongoledwa silipotananso, komanso n'chifukwa chake limakhala lofooka kuposa lachibadwa, makamaka likanyowa. Palinso timfundo tina tambirimbiri koma tosalimba, ta hydrogen, timene timamasuka tsitsi likanyowa n'kumangikanso likamauma. Kuseta ndi marola kumadalira timfundo tosalimbati. Mumanyowetsa tsitsi kuti timasuke, mumalikulunga pa rola kuti litenge maonekedwe amene mukufuna, kenako mumaliumitsa kuti timangike lili pomwepo. Mukachotsa rola madzi akadalimo, ngakhale ochepa, timfundoto timakamangikira pamene tafuna tokha, ndipo mphepo yachinyezi ya dzinja imangomalizitsa ntchitoyo. Kupana tsitsi lonyowa ndi chitsulo chamoto nakonso kuli ndi vuto lakelake, chifukwa madzi a m'kati mwa tsitsi amawira, nthunzi n'kupanga timatuza m'katimo, ndipo pamene pali timatuzapo ndi pamene limadzadukira. Kuthetheka kumene ndinamva ku Kawale kuja kunali kumeneku.

Masiku ano ntchito ndimayambira pa kutsuka, ndipo pamenepa sindikhalitsapo chifukwa ambiri mukudziwa kale. Ndimatsuka kawiri ndi shampu ndi madzi ofunda, osati otentha, ndikutikita khungu la kumutu ndi nsonga za zala, popanda kuunjika tsitsi pamwamba ngati ndikuchapa chovala. Kamodzi pamwezi ndimagwiritsa ntchito shampu wochotsa zotsalira, chifukwa rilakisa ya no-lye imasiya calcium patsitsi, amene amaliumitsa n'kulichititsa kutuwa, ndipo kwa amene amatunga madzi pa mjigo wa madzi amchere vutoli limakula. Kenako ndimapaka kondishina, n'kuvala jumbo kumutu kwa mphindi 15 kapena 20. Kupesa ndimapesa kondishina akadalimo, ndi chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga kukwera kutsinde. Ndikatsukuluza sindikhula ndi thaulo. Ndimangofinya pang'ono ndi sikipa yakale kuti madzi asamadonthere m'maso, koma tsitsi likhalebe lonyowa kwambiri.

Pa loshoni wosetera ndi pamene ambiri timalakwitsa, poganiza kuti akachuluka seti ikhalitsa. Loshoni akachuluka tsitsi limauma gwa ngati waya, limatulutsa tinthu toyera tooneka ngati mfundu, ndipo limaduka popesa. Azakhali anandiphunzitsa kumusungunula ndi madzi m'kabotolo kopopera, ndipo ine ndinakhazikika pa gawo limodzi la loshoni ku magawo 3 a madzi, n'kumawonjezera madzi ndikafuna tsitsi lofewa, logwedezeka ndikamayenda. Loshoni wina amagulitsidwa wosungunula kale, choncho ndi bwino kuwerenga pa botolo musanathire madzi. Ndisanakulunge ndimapaka pang'ono chabe kondishina wosatsukuluza, uja amati leave-in, ndipo mafuta olemera, aja timati hair food, sindiwayandikira n'komwe, chifukwa amatsekera madzi m'kati n'kuchedwetsa kuuma, ndipo tsitsi limatuluka lolemera, lomatana, lokonzeka kulandira fumbi lonse la mu msewu.

Pogawa tsitsi ndimakhala pakati pa magalasi awiri, lalikulu kutsogolo ndi lina loimika pa mpando kumbuyo, chifukwa popanda lachiwirilo kunkhongo mumangokulunga mwachimbulimbuli. Ndi chipeso chamchira ndimalemba mizere iwiri kuchokera pamphumi mpaka kunkhongo, kusiya pakati mpata wocheperako pang'ono poyerekeza ndi kutalika kwa rola. Mpata wapakatiwo ndi umene ndimayamba nawo, marola akutsatana ngati mabogi a sitima, onse akukulungira kumbuyo. Ndikamaliza ndimapita mbali ya kumanja, kenako ya kumanzere, kumene marola amakulungira pansi. Lamulo limene azakhali anandibwerezera mpaka kunditopetsa nalo ndi lakuti chigawo cha tsitsi chisapose rola m'litali, ndipo kukhuthala kwake kusapose kukula kwa kukamwa kwa rolayo. Mukatenga tsitsi lambiri, la m'mphepete limagwera kunja n'kuuma lokwinyika, pamene lam'kati limakhala ndi madzi mpaka madzulo. Poyamba ndinkaika marola 14 okha kuti ndimalize msanga. Panopa ndimaika pakati pa 24 ndi 28, ndipo ngakhale kukulunga kumatalikirapo, mutu umauma msanga kuposa kale, chifukwa mpweya wotentha sulimbana ndi mtolo wa tsitsi pa rola imodzi.

Kukula kwa rola kumayenderana ndi kutalika kwa tsitsi komanso maonekedwe amene mukufuna. Tsitsi likazungulira rola kamodzi kokha limangopindika pang'ono, likazungulira kamodzi ndi theka limapanga mafunde, ndipo likazungulira kawiri ndi theka kapena kuposerapo limapiringizika kwenikweni. Langa labwereranso kufika m'mapewa, choncho paliwombo ndi pakati ndimaika marola a masentimita 4 kapena 5 mulifupi, pamene kunkhongo ndi m'mbali mwa makutu, kumene tsitsi ndi lalifupi, ndimaika a masentimita 2 kapena 3. Amene akufuna tsitsi lowongoka loti adzalizungulize pamutu pambuyo pake asankhe rola yaikulu imene tsitsi lawo lingathe kuizungulira, koma asakakamize rola yaikulu pa tsitsi lalifupi, chifukwa imangogwa.

Luso lenileni lili pa nsonga, ndipo apa ndi pamene ndinavutikira miyezi ingapo. Ndikapatula chigawo ndimachipopera mpaka chinyowe bwino, ngakhale chikuoneka kuti n'chonyowa kale, kenako ndimachipesa ndi mano aang'ono a chipeso mpaka chisalale ngati riboni. Ndimachigwira pakati pa chala cha mkombaphala ndi chapakati, n'kuika rola pansi pake patatsala masentimita angapo kuti nsonga zithe, kenako ndimaitsetsereza pang'onopang'ono kupita kunsonga, tsitsi likadali lokokeka, mpaka nsonga zonse zitagona pa rola. Pamenepo ndimazisalaza ndi chala chachikulu kapena ndi mchira wa chipeso, ndipo ndikaona kuti zamatirira ndi pamene ndimayamba kukulunga ndi manja onse awiri. Nsonga zikapindikira m'mbuyo pa kuzungulira koyamba zimauma ngati mbedza, ndipo palibe chipeso kapena mafuta amene angaziwongole mpaka mutanyowetsanso. Ngati nsonga zanu n'zosafanana kutalika, kapena n'zogawanika, timapepala topyapyala tija amati end papers timathandiza kuzigwira pamodzi, ngakhale kunena zoona mankhwala enieni a nsonga zogawanika ndi sizasi. Kabotolo kopopera kasachoke pafupi, popeza pamene mukumaliza mpata wapakati m'mbali mumakhala mutayamba kuuma, makamaka m'chilimwe.

Kukoka nako kuli ndi muyeso wake. Tsitsi liyenera kukhala lotambasuka kuchokera kutsinde mpaka pa rola, apo ayi tsinde limauma lofufuma pamene kunsonga kuli kosalala, ndipo mutu umaoneka ngati wasetedwa ndi anthu awiri osagwirizana. Koma musakoke mpaka khungu kutukuka kapena mutu kuyamba kuwawa. Tsitsi la m'mphepete mwa mphumi ndi losalimba, ndipo likamakokedwa sabata ndi sabata limazuka, nthawi zina osameranso. Madokotala amalitcha vutoli traction alopecia, ndipo ambiri timaliona mwa amayi amene analukitsa zothina kwa zaka zambiri, koma marola othina angalibweretsenso. Chinanso ndi mmene mumaimikira chigawo musanakulunge. Mukachiimika chilunjike m'mwamba n'kuchipendeketsa pang'ono kutsogolo musanayambe kukulungira kumbuyo, rola imakakhala pamwamba penipeni pa tsinde lake, ndipo tsitsi limatuluka lotukuka, tsinde lili lowongoka. Mukachigwetsera pansi, rola imakhala kumbuyo kwa tsinde, ndipo tsitsi limatuluka logona. Ine paliwombo ndimaimika, m'mbali ndimagwetsa, chifukwa nkhope yanga ndi yozungulira kale ndipo sifuna zowonjezera m'mbali. Kilipi imalowa pansi pa rola, kufupi ndi khungu, osati pamwamba pa tsitsi lokulungidwa, chifukwa pamenepo imasiya mzere umene suchoka. Manja amalema ndithu, ndipo sabata zoyamba ndinkatha maola 2 ndikukulunga, mapewa akuchita dzanzi, koma panopa mphindi 40 zimandikwanira. Ndikamaliza ndimamanga neti ndi kuika tithonje pamwamba pa makutu, chifukwa makilipi achitsulo akatentha amawotcha.

Kachipewa kansalu kolumikiza ku draya yam'manja kamagwira ntchito, koma kamatenthetsa kwambiri mbali imene mpweya ukulowera, choncho muyenera kumakatembenuza. Nditasonkhanitsa ndalama ndinagula draya yachipewa yoika patebulo, yochokera ku South Africa, ndipo inabwera ndi pulagi ya mano atatu ozungulira pamene masoketi athu kuno ndi a mano atatu amakona. Ndinayamba ndi kaadaputa kotchipa, koma nditaona kuti kakutentha ndinaitana wamagetsi kuti asinthiretu pulagi, chifukwa draya imakoka moto wambiri. Tsitsi langa limafuna ola limodzi ndi mphindi 15, nthawi zina ola ndi theka, pa moto wapakati. Moto wambiri suthandiza kwenikweni, umathamangira kuumitsa lakunja n'kuwotcha khungu. Nthawi ikakwana sindikhudza rola iliyonse. Ndimazimitsa draya n'kudikira mphindi 10 kapena 15 kuti mutu uzizire, chifukwa tsitsi lofunda limanamiza, limamveka louma ngakhale lili ndi madzi. Likazizira ndimamasula rola imodzi ya paliwombo, pamene tsitsi ndi lochuluka, ndi ina ya kunkhongo, kumene mpweya wa draya sufika bwino, ndipo ndimamasula mpaka kunsonga. Ndikamva kuzizira kwachinyezi pakati pa zala, ndimakulunganso n'kubwerera pansi pa draya kwa mphindi zina 15. Ndakhala ndikubwerera kawiri pa tsiku limodzi, mtima ukunyinyirika, koma sindinanong'onezepo bondo.

Kwa ife a ku Lilongwe nkhani ya kuumitsa siingasiyane ndi nkhani ya magetsi ndi nyengo. Mu September ndi October, pamene kumatentha ndipo mpweya umakhala wouma, draya siifunika kwenikweni. Ndikakulunga cha m'ma 7 koloko m'mawa n'kumagwira ntchito zanga pakhomo, pakatha maola 5 kapena 6 mutu umakhala utauma, malinga ndiphimbe ndi kansalu kopyapyala chifukwa cha fumbi ndi akamvulumvulu a nyengo imeneyo. Mu June ndi July kumazizira, ndipo kuumitsa ndi mphepo kumatha tsiku lonse. M'dzinja sindiyesa n'komwe popanda draya, ndipo chiyambire tsiku la chinkhoswe lija sindiseta tsitsi pa tsiku la mwambo. Ndimaseta dzulo lake masana, kuti magetsi akazima ndikhale ndi nthawi yodikira. Mnzanga wina wa kutchalitchi anayesapo kuumitsa marola powerama pa mbaula, ndipo anatuluka ndi rola yosungunukira kutsitsi komanso fungo la utsi limene linatenga masiku kuti lithe. Kuposa pamenepo, makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene sununkha koma umapha, choncho njira imeneyo musaiganizire. Kugona ndi marola olimba nakonso ndi chizunzo, ndipo mukamatembenuka usiku makilipi amadula tsitsi. Ngati palibe kuchitira mwina koma kugona nawo, ndi bwino kugwiritsa ntchito timitengo tofewa topindika tija amati flexi rods.

Pochotsa ndimayambira kunkhongo kukwera m'mwamba, kuti tsitsi la pamwamba lisagwere pa marola amene sanachoke, ndipo rola iliyonse ndimaimasula mozungulira m'malo moisolola. Apa ndi pamene mafuta amalowera, kadontho kamodzi kapena tiwiri ta mafuta opepuka, topaka m'manja kaye. Ndikafuna kuti likhale lopiringizika ndimangolipatula ndi zala, n'kutseka mizere imene marola asiya. Ndikafuna lowongoka ndimalipesa ndi chipeso chachikulu mozungulira mutu, mbali imodzi yokhayokha, mpaka litagona ngati nkhata, kenako ndimamanga duku la satini n'kukhala pansi pa draya kwa mphindi 10 kapena 15 zokha. Likazizira n'kulipesa kutsika, limagwa losalala ngati lapanidwa ndi chitsulo, chonsecho chitsulo sichinalikhudze. Usiku uliwonse ndimalizungulizanso chimodzimodzi, koma ndimasinthasintha mbali, sabata ino kumanja, yamawa kumanzere, kuti m'mphepete mwa mbali imodzi musaperepeseke. Duku likhale la satini kapena silika, chifukwa chitenje ndi nsalu zina zathonje zimamwa mafuta ndi kukhula tsitsi. Posamba ndimavala chipewa chapulasitiki pamwamba pa dukulo. Ndikatero seti imandikhalira masiku 6 kapena 7 m'nyengo youma, koma m'dzinja ndikafika tsiku lachinayi ndimathokoza.

Phindu limene sindinkaliyembekezera ndi lokhudza growth, tsitsi latsopano lomera kutsinde. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndipo pakatha sabata 6 kutsinde kumakhala kutamera lachibadwa, lopotana. Pamalire a lachibadwalo ndi lowongoledwa ndi pamene pamakhala pofooka kuposa pena paliponse, ndipo kupesa mwankhanza kumadula pamenepo. Kale ndikangoona growth ndinkathamangira kukapangitsa retouch, kutanthauza kuikitsa rilakisa pa tsitsi latsopanolo, nthawi zina pakangotha sabata 6, ndipo growth ikakhala yochepa chonchi mankhwala amafalikira pa tsitsi lowongoledwa kale, n'kumalidya mobwerezabwereza. Tsopano popeza marola amawongola tsinde, ndimatha kudikira sabata 10 mpaka 12. M'sabata zomalizirazo ndimachepetsa zigawo, ndimanyowetsa tsinde kwambiri, ndimapesa growth ndi chipeso chachikulu kaye ndisanabweretse chamchira, ndipo ndimawonjezera nthawi ya draya chifukwa tsitsi lachibadwa limasunga madzi kutsinde. Rilakisa ikandisiyira zilonda kapena nkhanambo, sindipopera loshoni pamenepo ndipo sindikoka mpaka patapola.

Mwezi wathawu ndinapita ku Chilinde nditaseta dzulo lake, osawauza azakhali kuti ndikufuna andione. Tikumwa tiyi anangodzuka, n'kulowetsa zala kunkhongo kwanga, n'kunena kuti, "Ili ndiye linauma." Kenako anatembenuza mutu wanga, n'kutukula tsitsi la kuseri kwa khutu la kumanzere, kumene dzanja langa silifika bwino, n'kundionetsa nsonga ziwiri zopindika ngati mbedza. Anandiuza kuti Loweruka likudzali ndipitenso ndi marola anayi aang'ono ndi kabotolo kanga kopopera, tikakonze mbali imeneyo yokha.